Dzina la pa Chiphaso

Chiphaso cha mfuti chili m'dzina la munthu wakufa.
Akuti apa ndi pomwe ndalakwa.
Za chitseko changa chomwe chagona chagada
pabwalo ku Mabvuku, mahinjesi atazuka onse atatu,
akuti tikamba tsiku lina.
Lero tikukamba za deti.

Gelesomu anagula chifefe chija
chaka chomwe anatibera makina osokera.
Anayendera pepala mpaka nsapato kung'ambika:
zithunzi, zidindo za zala,
kalata yonena kuti si munthu waukali,
kabati yachitsulo yokhomera kukhoma.
Atalandira chiphaso anachikuta m'pulasitiki
n'kuchiika m'Baibulo, pakati pa Masalimo.
Zaka zisanu ndi zinayi sanawombe ndi khwangwala yemwe.
Ankangoipaka mafuta Loweruka madzulo
ngati akuthowa mwendo wa wodwala.

Atamwalira ndinawerenga mabulangete, makapu, ngongole ya bokosi.
Palibe anandiuza kuti mfuti nayo imafedwa,
kuti mwini akapita imasanduka mlandu
wogona phee kuseri kwa loko.
Kunena zoona ndinapitako kamodzi.
Wapawindo anati bwerani ndi mwini wake.
Ndinati ali kumanda, mzere wachitatu kuchokera kumpanda.
Anati ndiye mubwere Lachinayi ndi makalata a chuma chamasiye.
Lachinayilo ndinali ndi makireti awiri a tomato
ofuna kuola.

Usiku uja magetsi anali atapita kuyambira mbandakucha.
Galu wa a Gwatidzo anauwa kawiri n'kukhala chete.
Ndinaimba foni. Anati galimoto yatuluka,
mudikire, musatsegule.
Ndaziona, mdzukulu wanga, anali kunsi kwa bedi
atadziluma dzanja kuti asalire.
Ndinamva chitsulo chikutafuna thabwa
pang'onopang'ono, mopanda changu,
ngati munthu wodziwa kuti m'nyumbamu mulibe mwamuna.
Ndinakuwa m'Chishona. Ndinakuwa m'Chichewa.
Chinayankha ndi chitseko: khoo!

Sindinaloze munthu. Ndinaloza mdima.
Phewa langa mpaka lero lili bii ngati biringanya.

Kutacha magazi anatsogolera apolisi
kudutsa pampopi, kukhota pa tchalitchi,
mpaka pakhomo lomwe ndimalidziwa.
Ndi Munashe.
Ndinkamupatsa mabanzi ali pa kabudula wa sukulu.
Dzina lake likadali m'kope langa la ngongole:
mabanzi anayi, sopo theka.

Pano ku Rotten Row tikudikira m'khonde limodzi,
iye ndi ndodo zake ziwiri, ine ndi Baibulo.
Amayi ake akuyang'ana zala za kumapazi kwawo.
Tinkaimba limodzi pa maliro a Gelesomu.

Woimira boma ndi mtsikana wa mawu ofatsa.
Akuti, amayi, mfuti zopanda mwini
ndizo zikutha anthu mumzinda muno.
Sakunama. Mwana wa mng'ono wanga tinamuika
ataphedwera foni ndi mfuti yosadziwika kwawo.
Ndikufuna kumuuza kuti iyi ili ndi kwawo,
ndimadziwa fungo la mafuta ake,
koma womasulira watembenukira kwa ine kale:
mukuvomera kapena mukukana?

Ndivomere chiyani?
Kuti deti inadutsa, inadutsadi.
Kuti mwendo wa mwana wa mnzanga sudzawongokanso,
izo ndimavomera usiku uliwonse popanda wondifunsa.
Koma Ndaziona wadzuka lero, wamwa tiyi,
wadandaula kuti shuga wachepa.
Chimenechi ndichilembe pa mzere uti?

Chifefe chagona patebulo, atachimangirira kachikwangwani
ngati mtembo wa kuchipatala.
Sichibwereranso kunyumba.
Chitseko ndachimanga ndi waya wa pachingwe cha zovala.
Mlandu auimitsa mpaka mwezi wamawa,
ndipo magetsi akuti lero apitanso.
M'kombi ndikupenda mpini wa khasu la kudimba,
kulemera kwake, kutalika kwake,
ngati nawo sufuna pepala.