Kaundula wa ku Malindi

A Chikwakwa, agulupa, atsegula kabati mokankha ndi bondo.
Buku latuluka likununkha mileme.
"Mugwire bwino," akutero, "mapepalawa ngothetheka."

Ndikufuna bambo a agogo anga.
Kwathu ku Namwera amati anali Aubi,
anabatizidwa chaka cha dzombe
nasanduka Barnaba.

Chala chatsika mzere ndi mzere
mpaka apa: Barnaba, mwana wa Mkwe—
kotsalako chiswe chinadya.
Mkwepu? Mkwezalamba?
Chiswe sichinafunse kuti adzasowa ndani.

Kuseri kwa tsamba, Barnaba winanso.
Mudzi womwewo, mwezi womwewo.
Pa zaka wansembe analemba "mwina khumi ndi zisanu,"
anangomuyeza ndi maso ngati thumba la mpunga.
Inki inasanduka dzimbiri,
seveni wataya denga, waima ngati wani.

Ndafunsa: dzombe linabwera liti?
A Chikwakwa awerenga zala.
Kawiri, akuti. Ena amati katatu.

Mtima ukunong'oneza: tenga woyambayo,
amayi ake ndi Abiti Ajusa, dzina lakwathu.
Koma Ajusa kuno alipo angati?
Ukaitana pamsika atembenuka asanu.
Ndipo ndikudziwa chimene chikundikoka:
woyambayo anasaina yekha, zilembo zoongoka,
wachiwiri anangodinda chala.

Ndalemba onse awiri,
ndi pensulo, osati bolopeni.

Pakhomo a Chikwakwa afunsa, "Mwawapeza?"
Ndati, ndapeza awiri.
Aseka, akupukuta fumbi pamalaya.
"Muli ndi mwayi. Ena amakwera matola
opanda ndi mmodzi yemwe."