Kuseri kwa S

Ndine wolemba zikwangwani pano pa Kasungu,
kuseri kwa depoti, pomwe fumbi la mabasi a ku Mzuzu
limagwera pa penti wanga asanaume.
Sukulu ndinalekera folomu thuu,
koma chimodzi cha aphunzitsi a Gausi chinandikanirira m'mutu:
kachizindikiro kaja kolendewera m'mwamba
ngati tsamba limodzi la fodya lotsalira m'chigafa.

Kwathu kuno kamagona mu ng'ombe,
kamabisala mu m'munda, pomwe lilime lameza chilembo.
Kwa Angerezi ndi kachala koloza mwini.
Ife timatsogoza chinthu, mwini abwere pambuyo:
njinga ya Yosofati, mbuzi za Yosofati.
Iwo mwini ndiye patsogolo, katundu azilondola:
Yosofati's bicycle.
A Gausi ankati, akugogoda bolodi ndi choko,
"Chizungu sichidikira, mwini amayamba wadzitchula."

Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, pa Chinkhoma,
ndinalemba ndi penti wofiira
Yosofati's Grocery,
mwini wake ali pansi, atandigwirira makwerero,
akuseka kuti S wanga wafanana ndi njoka yokhuta.
Anandilipira zonse, n'kuwonjezera bisiketi.

Epulo yemweyu tinamuika m'manda.
Sabata yachitatu mkazi wake Fulonika anandipeza pa depoti,
mpango wakuda udakali kumutu.
Anati alamu ake ayamba kale kuwerenga mabelo a shuga,
wina wayesa makiyi ake pa loko,
akuti pakhomapo palembedwa dzina la m'bale wawo
ndipo cha m'bale ndi cha abale.

Ndinafunsa, "Ndilembe lanu?"
Anapukusa mutu.
"Dzina la mkazi wamasiye amalifufuta ndi malovu.
Ndili ndi ana aakazi atatu,
Tiyanjane, Mwatitha ndi Ndaziona wakuyamwayu.
Lembani kuti ndi ya iwowa."

Usiku umenewo tulo tinandivuta.
Ndikaika kachizindikiro S asanafike, mwini ndi mmodzi,
Daughter's,
ndipo tsiku lina ana atatu adzagwirana pakhosi
kufunsana kuti mmodziyo ndani.
Ndikakasuntha phazi limodzi, kadumphe S,
Daughters',
onse atatu alowa m'golosale,
palibe wotsala pakhonde.
Mpata wake sukwana ndi chala changa chaching'ono chomwe.

M'mawa ndinapaka laimu pa dzina la Yosofati.
Ndinapaka kawiri, koma Y ankaonekerabe pansi
ngati munthu wosuzumira pa katani.
Wogwira makwerero anali Mwatitha, wa sitandade seveni,
khosi atalipindira kumwamba, milomo ikutsata burashi.
Nditafika kumapeto anakuwa,
"Amalume, kuseri kwa S!"
Ndinati ndikudziwa, mwanawe,
koma dzanja linanjenjemera ndithu
ndipo kachizindikiro kanatalika mchira.

Masana mlamu wamkulu anafika pa njinga yamoto.
Anawerenga pang'onopang'ono, chipewa chili m'manja,
n'kundifunsa kuti a Dota amenewa ndi a mudzi uti.
Fulonika sanadzutse mutu,
ankayezera munthu mchere wa handiredi kwacha.

Sindikudziwa ngati penti angaime pabwalo la milandu.
Mvula ya Disembala imasuwa zofiira msanga,
ndipo abale satopa ngati laimu.
Ine ndinangotsuka burashi mu parafini,
n'kumanga makwerero pa kaliyala.

Anandipatsa theka,
zotsala akuti akagulitsa soya.
Madzulo ndinatsegula kope langa la angongole,
ndinanyowetsa pensulo palilime,
ndinayamba kulemba Daughters, n'kufufuta.
Ana aja ndawapatsa golosale, ngongole ayi.
Ndinalemba Fulonika,
kachizindikiro, kenako S.