Difu ya ku Gazaland

Mvula ya Januwale inagwa usiku wonse ku Epworth.
Pikiapu yanga, itasenza matumba a simenti,
inatitimira kuseri kwa chigayo:
tayala lakumanzere m'thope lofiira,
lakumanja pamwala wouma gwa.

Ndinaponda mafuta.
Lakumanzere linazungulira ngati lapenga,
kulavulira matope ana odzaonerera.
Lakumanja linangoti duu,
popondapo lili napo, koma ntchito ayi.

Madzulo ake ku Gazaland
a Chikafa, makaniko, mdzukulu wa anthu a ku Dedza,
anatsegula mimba ya difu, manja ali bii ndi girisi.
"Yanuyi njopusa," anatero.
"Mphamvu yonse imathawira kumene kukuterera.
Koma iyo apo ili ndi timbale m'kati.
Tayala lina likayamba misala, timbaleto timalumana,
n'kugawirako mnzake woponda polimba."

Ndinapereka madola amene ndinkasungira malata.

Sabata yotsatira, thope lomwe lija.
Galimoto inabuula, inagwedeza mbuyo,
n'kutuluka pang'onopang'ono ngati ng'ombe yodzuka.
Ana anakhumudwa.
Panalibe chokankha, panalibenso kandalama ka masiwiti.

Komabe mawu ena a mkulu uja sandichoka,
aja ananena akupukuta sipanala, osandiyang'ana:
"Pa phula lonyowa la msewu wa Chiremba, pokhota,
phazi likhale lofatsa.
Awiri akagwirizana amatereranso limodzi,
ndipo mchira umapita kukaona kutsogolo."

Mvula ikayamba ndimazimitsa wailesi,
kumvetsera zimene akukambirana pansipo.