Kuseri kwa Chingwe Chofiira

Ndinayamba ndi kope lonyowa ndi cholembera chobwereka,
Novembala wa ku London, mvula yamawawa yosaleka,
mkonzi Gethin Prowse atandiuza pafoni:
"Ukaone mtundu wa chipewa chake. Zinazo zisiye."

Chipewacho chinali chobiriwira.
Ndinachilembera mawu mazana anayi.

Kuchokera tsikulo, zaka makumi atatu ndi zinayi
ndaima kuseri kwa chingwe chofiira.
Ndaona makanda awo akutuluka m'chipatala atakulungidwa ngati mphatso,
ndawaonanso akukwatira, ena akusudzulana,
ine ndili pomwepo, mapazi atachita dzanzi.
Galu aliyense wa m'nyumba yachifumu ndimamudziwa dzina.
Tsiku limene mwana wanga Tamsin anathyoka mkono
ndinali m'ndege, kulondola eni korona.

Mabuku asanu. Lachitatu ndiye linagulidwa ngati mchere:
wantchito wa kukhitchini anandinong'oneza
za mbale zoswedwa pakati pa usiku,
ine ndinasindikiza,
iye ntchito inamuthera.
Dzina lake mulibe m'bukumo. Limandidzutsa mbandakucha.

Pawailesi amandifunsa: ndiye kuti mumawadziwa bwino?
Ndimangomwetulira.
Mmodzi wa iwo anandilankhulapo kamodzi kokha,
pachionetsero cha maluwa, akudutsa:
"Simukuzizidwa?"
Ndinati ayi. Ndinanama.

Lero ndabweza chitupa changa cha utolankhani.
Pachipata paima kamtsikana,
foni m'manja, jekete lopyapyala,
maso ali pakhonde lam'mwamba, kudikira dzanja loti likupize.
Ndakasiyira magolovesi anga.

Makatani sanagwedezeke n'komwe.