Diso Silidzichotsa Lokha Chitsotso

Foni inalira cha m'ma thuu koloko usiku,
chisanu cha Juni chikundiluma ngati ndili nacho ngongole.
A Mlongoti, ali ku Joni, mawu akunjenjemera:
"Gelesomu, pageti pali chinthu!
Miyendo yake sindikutha kuwerenga,
chikukwera pamwamba pa galimoto!"

Ndinatola tochi ndi chibonga.
Pageti panali zii.
Nkhungu yokha ikutsetsereka m'phiri la Dedza,
kudutsa m'mapaini, kulowa m'tauni osaodira.
Galu wa aneba sanauwe n'komwe.
Nditakweza tochi m'mwamba, ndi pomwe ndinamuona:
kangaude wochepa ngati njere ya nandolo,
atakhala phee pagalasi la kamera,
akuluka.

Alonda tinalipo atatu pano.
Makamera atafika m'katoni, anayi, oyera mbee,
Filimoni anabwerera ku Bembeke kukalima mbatatesi,
Sitolo akuitanira minibasi pasiteji.
Ine ndinatsala.
Anati ndine wamtali.

Zida zanga tsopano ndi izi:
tsache lomangirira kunsungwi ndi mphira wa chubu,
kansanza kofewa, kong'amba kumalaya a kwaya,
makwerero osoweka phazi lachitatu.

Mnyamata amene anadzalumikiza mawaya
anati vuto ndi kuwala.
Kadiso kofiira kaja kamaitana njenjete ndi udzudzu,
mvula ikagwa ngumbi zimadzaza ngati msika wa Lizulu,
ndipo pomwe pali ndiwo, mwini ukonde sachedwa.
Ndiye babu tinalisamutsira kukona ya mpanda.
Ndinapaka vaselini kuzungulira chitsulo.
Ndinasinja masamba a bulugamu, ndinawaza viniga
mpaka khonde linanunkha ngati chiwaya cha tchipisi.
Nthambi ya pichesi imene ankawolokera ndinaidula,
ili ndi maluwa ake.

Masiku atatu.
Lachinayi m'mamawa ukonde uli pomwepo,
wolukidwa bwino kuposa woyamba uja,
mame ali ndandanda ngati mikanda ya mkwatibwi.
Ndinaima pansi pake kanthawi, tsache lili m'manja.

Tikufananatu, iwe.
Tonse timagwira usiku.
Tonse timakhala pakona, chete, kudikira chogwedeza ulusi.
Palibe amatifunsa ngati tadzuka bwanji.
Kusiyana kwake n'kwakuti iwe umadya tsiku lomwelo,
ine ndimadikira pa sate, nthawi zina pa faifi mwezi winawo,
ndalama ikachoka ku Joni ndi miyendo ya nkhono.

A Mlongoti nyumba yawo amaionera m'dzanja.
Amadziwa nthawi yomwe ndayasamula,
amadziwa kuti Loweruka ndinaotha moto wa makatoni kuseri kwa thanki.
Koma ulusi umodzi ukapingasa pagalasi,
mphepo ya ku Mozambiki n'kuugwedeza,
foni yawo imalira ka fote usiku umodzi,
nyumba yonse ya njerwa zootcha n'kusanduka utsi.
Pamenepo amakumbuka dzina langa.

Nangondo anandifunsa akusita yunifolomu ya mwana:
"Nanga tsiku lomwe akangaudewo adzathe?"
Sindinayankhe.
Makala a m'simbi anathetheka kawiri.

Mankhwala opopera anabwera pabasi mwezi watha,
zitini ziwiri, zolembedwa kuti amapha ndi mazira omwe.
Ndinapopera kamera ya pageti, ya kugaraji, ya kukhitchini.
Ya kuseri ndinangoipukuta galasi.

Kumeneko, m'kamphako ka pansi pa gatala,
pomwe diso la a Mlongoti silifika,
kuli kathumba koyera ngati thonje.
Mayi wake amakayang'anira osaphethira.
Ndikamadutsa ndi tsache ndimatsitsa nsungwi,
ngati munthu wodutsa ndi njinga pamaliro.

Aswe bwino.
Temu ikubwerayi fizi yakwera,
ndipo diso, lingagulidwe ndi marandi angati,
silidzichotsa lokha chitsotso.