Nyanja ya Wilibala

Halale analibe nyanja,
ndiye anaitana anthu kuti adzaipange.
Bambo anga, Zakeyo Chimtengo wa ku Bembeke,
anatsika pa lole ya Ulere ndi bulangete limodzi
ndi chitupa chonyowa thukuta,
nawapatsa wilibala ya gudumu lolira ngati kamwana ka mbuzi.
Ankati: tinathira miyala pakhosi pa Manyame
mpaka mtsinje unatsamwa,
unabwerera chambuyo, nukhala pansi, nuyamba kunenepa.

Pansi pa madzi awa pali njira ya ng'ombe,
pali mitengo ya mombo yoima chiimire,
pali chala cha Binali, mnzawo wa ku Machinga,
chimene mwala unadula Lachinayi lina
kapitawo akuyang'ana wotchi.
Chikwangwani cha pa geti sichinena zimenezo.

Oyamba kubwera anali eni maboti oyera,
agalu awo atakhala kumpando wakutsogolo.
Bambo anasiya wilibala, nagwira burashi ya penti,
nalemba mayina a akazi a eni ake m'nthiti mwa maboti
chilembo ndi chilembo, osatha kuwawerenga.
Boti likafuna madzi ankalikankha
mpaka m'mawondo.
Kupitirira apo nyanja inali ya mamembala.

Kenaka mbendera inasintha, dzina linasintha,
tinaphunzira kunena kuti Chivero.
Mabasi a ku Mbare anayamba kutula ana a sukulu
atanyamula mabanzi ndi zakumwa zofiira m'zigubu,
mapositoli a mikanjo yoyera anadzamiza machimo m'mbali mwa bango,
akwati anadzajambulitsa pa thanthwe
pomwe bambo ankayanikapo malaya.
Malo ogona alendo anamera ngati bowa wa pachulu,
madenga a udzu wopesedwa bwino
kuposa umene amayi anauthawa kumudzi.
Mpanda uwu wabala mpanda uwo,
geti lililonse ndi mtengo wake.
Loweruka utsi wa kanyenya umaphimba tsidya,
zimkuzamawu zitatu zikukangana,
nkhwazi yasamukira ku mtengo wakutali.

Ine ndinabadwira ku Mufakose, mzere wa nyumba za njanji.
Chichewa changa chili ndi zigamba za Chishona,
ku Bembeke ndimangokumva ngati dzina la mankhwala.
Ndimagulitsa nyongolotsi pa mphambano ya msewu wa ku Bulawayo,
chitini cha majarini dola imodzi,
ndipo alendo akachepa
a loji amandilemba ganyu yodula namasupuni,
udzu wa maluwa okongola umene ukudya nyanja kuyambira m'mbali.
Ndimadula lero, mawa wabwerera ndi abale ake.
Madzi nawo asanduka obiriwira ngati ndiwo zogona,
mzinda umamwa pano, umatayanso pano,
koma pa foni zithunzi zimatuluka bwino.

Dzulo kamtsikana ka nsapato zowala
kanatsika m'galimoto ya bambo ake, kanathamangira kumadzi,
kanaima.
Sekuru, iyi ndi nyanja yeniyeni?
Anaipanga ndani?
Amayi ake anati Mulungu, bwera udzadzole mafuta.
Ine ndinali ndi nyongolotsi m'manja,
ndinangoseka, ndinawerenga chenji.

Bambo agona ku manda a Mbudzi, kouma gwa,
nambala ya pa chitsulo inafufutika ndi dzimbiri.
Zaka makumi anayi m'mphepete mwa madzi
sanaphunzire kusambira.
Koma Okutobala akapsa, madzi akatsika,
pafupi ndi khoma pamatuluka chigudumu cha chitsulo,
theka m'matope, theka padzuwa.
Ana a alendo amakhalapo nkumadya ayisikilimu.
Sindinena kuti ndi cha wilibala ija,
mawilibala anali ambiri.
Ndimangopita madzulo geti likatsekedwa
kukachigwedeza pang'ono,
ndimve ngati chikadalira.