Kusamutsa Ukwati wa Ndaziona

Makamera anali anayi tsiku lija ku Kawale.
Yanga inaima pamiyendo itatu pafupi ndi guwa,
ya Mzati pakhomo,
ina tinaipachika kudenga ngati mleme,
ndipo yotsalayo tinapatsa Sekerani, mnyamata wophunzira ntchito,
wa manja onjenjemera ngati wagona ndi njala.

Mwambo usanayambe ndinawomba m'manja kamodzi, phwa!
Ankhoswe anandiponyera diso.
Sanadziwe kuti kuwombako ndi mfundo
yomangira maso anayi pa chingwe chimodzi.

Milungu itatu ndakhala ndikusoka ukwatiwu ku Biwi,
m'kachipinda kuseri kwa anyamata owotcherera mageti.
Magetsi akayaka pakati pa usiku, ndimadzuka nawo.
Apa mphete, dula.
Apa nthungululu, dula.
Apa perekaniperekani, ndalama zikugwa m'lichero, siya pang'ono, dula.

Koma utoto sindiutha.
Pulogalamu yanga imatuwitsa nkhope za anthu,
diresi la mkwatibwi limaoneka ngati analichapa pansi pa mlatho mu Januwale.
Ndiye ndinakulunga hadi m'sokosi, ndinaiika m'thumba la pamtima,
kabaza mpaka kudepoti, minibasi mpaka Eriya 47,
kwa Nachisale, amene makina ake amasiyanitsa
kuda kwa khungu ndi kuda kwa usiku.

Kusamuka n'kusamuka basi.
Ungamange bwanji katundu, mbale imodzi imasweka palole.
Pulogalamu yake inawerenga kalata ya pulogalamu yanga
monga mlamu amawerengera kalata ya ngongole:
zina yamva, zina yadumpha dala.
Mawu a abusa anatsogola, milomo ikuwatsatira pambuyo.
"Ndalola" wa mkwati anagwera pakamwa pa mwana wonyamula maluwa.
Makamera anayi anaphwatalala n'kukhala imodzi,
ndipo paliponse pamene panali ya Sekerani
sikirini inafiira psuu,
fayilo sikupezeka.

"Isiyeni," anatero Nachisale akusenda chinangwa chootcha.
"Ndi yogwedera. Eni ukwati sadziwa."

Ine ndikudziwa.
Nthawi yodula keke tonse tinaunjikana pakeke.
Sekerani yekha, posadziwa ntchito, anatembenukira kuseri kwa tenti
kumene bambo a mkwatibwi anakhala pakireti ya zakumwa
atavula nsapato zobwereka,
akupukusa mutu, akuseka okha,
kenako akupukuta maso ndi tayi.
Masekondi asanu ndi awiri.
Bambowo tinawaperekeza kumanda mwezi watha,
ndipo Ndaziona akaimba foni safunsa za keke, safunsa za diresi.
Amangoti, kodi ababa akuonekamo?

Tinafufuza mpaka dzuwa linapendeka.
Vuto linali laling'ono, lochititsa manyazi:
makamera awiri anatcha ana awo mayina ofanana,
ziro ziro wani, ziro ziro thu,
ndiye pulogalamu inaitana dzina limodzi, anavomera awiri,
iyo n'kuwathamangitsa onse.
Ndinakhala pansi kuwatcha mayina atsopano, mmodzimmodzi.
Magetsi anathima. Jenereta anatsokomola, anakana, anavomera.
Kenako ndinayala mawu a makamera onse m'mizere inayi
ndi kusaka phwa wanga uja,
kamunga kamodzi kotuluka pamzere uliwonse.
Kokera kumanzere. Bwezera pang'ono. Apo.
Milomo ya abusa inakumana ndi mawu awo.
Mkwati analandira "ndalola" wake.

Kunja minibasi zomaliza zinkaitanira a ku Eriya 25.
Pasikirini kufiira kunachoka,
tenti inabwera ikugwedera, kireti, mapazi opanda nsapato.
Nachisale anasiya chinangwa,
anapukuta zala pachitenje,
anagwira kagudumu ka kuwala n'kukapotoza pang'onopang'ono
mpaka nkhope inayamba kutuluka mumthunzi,
mphumi, ndevu zoyera, dzino losowa lija.

"Ndionjezere?"

Ayi, ndinatero. Pomwepo.
Munthuyu ankabisala.